Kupeputsa Katundu: Mmene Sitolo ya pa Intaneti Ingatsegukire Msanga ku Mzimba

Mawu oyamba

Sitolo ya pa intaneti ndi tsamba limene wamalonda amaikapo zithunzi za katundu wake, mitengo yake ndi njira yolipirira, kuti munthu agule ali kwawo pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta. Sitolo yotere ilibe khonde loti wogula akhalepo podikira, ndiponso mulibe munthu woti amuuze kuti, "Pepani, dikirani pang'ono." Wogula akadina dzina la sitolo n'kuona kuti tsamba likungozungulira osatseguka, amabwerera, ndipo mwini sitolo sadziwa n'komwe kuti kunabwera munthu.

M'nkhani ino ndifotokoza zimene zimachedwetsa tsamba lotere ndi zimene wamalonda angachite kuti lizitseguka msanga. Ndatenga chitsanzo cha tawuni ya Mzimba ndi madera a kummwera kwa bomali monga Jenda, Embangweni, Edingeni ndi Luwerezi, chifukwa kumeneku ndiko kwathu. Mfundo yanga ndi yakuti wamalonda alibe mphamvu yokonza netiweki, koma ali ndi mphamvu yochepetsa katundu amene tsamba lake limasenzetsa netiwekiyo. Kwa wogula wa ku Mzimba, katundu ameneyu amadya zinthu ziwiri: nthawi ndi ndalama.

Ogula a sitolo ya ku Mzimba

Mzimba ndi boma lalikulu malo kuposa maboma onse m'dziko muno, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza kuti muli anthu oposa 900,000, osawerengera a mumzinda wa Mzuzu. Ambiri mwa anthuwa amakhala m'midzi ya kutali ndi tawuni, kotero kuti kupita pa boma kukangofunsa mtengo wa thumba la simenti ndi ulendo wotha tsiku lonse. N'chifukwa chake malonda a pa foni ali ndi phindu kuno.

Pali chinthu chinanso chimene chimasiyanitsa Mzimba ndi maboma ambiri. Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna a kuno akhala akupita kukagwira ntchito ku South Africa, ena kudzera ku Wenela, ena paokha pa ulendo umene ankautcha selefu. Boma la Malawi linaimitsa za Wenela mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown, koma ulendo wa ku Joni sunathe. Mpaka lero achinyamata ambiri ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo amatumiza ndalama kumudzi kudzera ku makampani monga Mukuru kuti abale awo agule malata, simenti, feteleza ndi zina.

Choncho sitolo ya ku Mzimba imakhala ndi ogula a mitundu itatu. Woyamba ndi mwini ndalama amene ali ku Joni, kumene intaneti ndi yothamanga. Wachiwiri ndi mayi ake kapena mkazi wake ku Embangweni, amene ayenera kuona katunduyo ndi kuvomereza asanalipiridwe. Wachitatu ndi wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu amene akufuna nyemba za pa Jenda kapena khofi wa ku Khosolo. Tsamba likatseguka msanga kwa wachiwiriyu, ndiye kuti kwa enawo lilibe vuto. Pokonza tsamba tiyenera kuganizira iyeyu.

Malonda ambiri a pa intaneti amene ndimawaona kwathu amachitikira pa WhatsApp ndi Facebook. Amalume anga, amene amagulitsa zipangizo zomangira nyumba pa boma, amaika zithunzi za katundu pa WhatsApp tsiku lililonse. Njirayi ndi yabwino, komabe katundu akachuluka mauthenga amasokonekera, mitengo yakale imatsalira m'mafoni a anthu, ndipo funso limodzi lomwelo umaliyankha kakhumi. Apa m'pamene wamalonda amayamba kufuna tsamba lakelake. Koma walira mvula walira matope. Ogula ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha chifukwa ndi yotsika mtengo. Akatuluka pa WhatsApp kupita pa tsamba la sitolo, amafunika bandulo ina ya intaneti yonse kapena mayunitsi. Motero tsamba lolemera limalipiritsa wogula asanagule kanthu.

Chimachitika n'chiyani munthu akadina tsamba?

Tsamba lililonse limasungidwa pa kompyuta yotchedwa seva, imene imakhala yoyaka usana ndi usiku. Munthu akadina dzina la sitolo, foni yake imayamba yafunsa kumene sevayo ili. Ikaipeza imapatsana nayo moni, kenaka zimagwirizana njira yobisira mauthenga kuti akuba asawaone, ndipo pomaliza foni imapempha tsambalo. Gawo lililonse mwa magawo anayiwa ndi ulendo wopita ndi kubwera. Tsamba likafika, foni imapeza kuti m'kati mwake mwalembedwa zinthu zina zofunika kukatenga: zithunzi, mafayilo a maonekedwe, zilembo ndi timapulogalamu. Chilichonse chimapemphedwa pachokha.

Tiyerekeze ndi ngolo ya ng'ombe yonyamula chimanga kuchoka kumunda. Nthawi imene chimanga chidzafikire pakhomo imadalira zinthu zitatu: kutalika kwa mtunda, ubwino wa msewu, ndi kuchuluka kwa katundu. Pa intaneti n'chimodzimodzi.

Tiyambe ndi mtunda. Dziko la Malawi silinachite malire ndi nyanja yaikulu, choncho mauthenga athu opita kunja amadutsa m'zingwe za ku Tanzania, Mozambique kapena Zambia asanafike ku zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. M'zingwe zimenezi uthenga umayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi. Liwiro limeneli ndi lalikulu, koma seva ikakhala ku America, mtunda woposa makilomita 12,000 kuchokera ku Mzimba, ulendo umodzi wopita ndi kubwera sungachepere masekondi 0.12 ngakhale chingwe chitawongoka ngati muvi. Zingwe siziwongoka, ndipo panjira pali makina ambiri olandira ndi kutumiza. Titati ulendo umodzi watenga masekondi 0.3, magawo anayi aja atha sekondi yathunthu ndi kupitirira, wogula asanaone ngakhale chilembo chimodzi.

Chachiwiri ndi msewu, kutanthauza mphamvu ya netiweki. Kampani ya TNM inabweretsa 4G mu 2016 ndipo Airtel inatsatira mu 2018. Pa boma ndi pa Jenda foni imatha kugwira 4G. Koma dera lathu ndi la mapiri ndi zigwa, ndipo munthu akatalikira nsanja ya netiweki foni imatsikira pa 3G, mwinanso pa kachilembo ka E, kamene kamasonyeza netiweki yakale yoyenda pang'onopang'ono. Ngakhale pamalo a netiweki yabwino, tsiku la msika anthu ambiri amagawana nsanja imodzi, ndipo aliyense amalandira pang'ono.

Masamu a kulemera kwa tsamba

Chachitatu ndi katundu, ndipo apa ndi pamene pali mphamvu ya wamalonda. Kulemera kwa fayilo kumayezedwa mu KB ndi MB. MB imodzi ndi KB pafupifupi 1,000. Liwiro la netiweki limayezedwa mu Mbps, ndipo netiweki ya 1 Mbps imatenga masekondi 8 kuti itsitse MB imodzi.

Bungwe la HTTP Archive, limene limayeza masamba mamiliyoni, linasonyeza mu 2024 kuti tsamba lapakatikati lotsegulidwa pa foni linkalemera kuposa 2 MB. Pa netiweki ya 1 Mbps tsamba lotere limafuna masekondi 16. Pa kachilembo ka E, titati liwiro ndi 0.2 Mbps, limafuna masekondi 80. Tsamba lomwelo litapeputsidwa kufika pa 500 KB, lingatenge masekondi 4 pa netiweki yoyambayo ndi masekondi 20 pa yachiwiriyo. Nsanja ndi yomweyo, foni ndi yomweyo, chasintha ndi katundu yekha.

Kodi masekondi amenewa ali ndi kanthu? Mu 2016 kampani ya Google inatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti pa maulendo 100 alionse otsegula tsamba pa foni, 53 ankathera panjira ngati tsambalo lapitirira masekondi 3 lisanatseguke. Greg Linden, amene anagwirapo ntchito ku Amazon, ananena mu 2006 kuti kuchedwa kwa masekondi 0.1 okha kunkachepetsa malonda a kampaniyo ndi 1 peresenti. Wina anganene kuti anthu a kwathu anazolowera kudikira, ndipo n'zoona. Koma munthu wodekha amene akuona bandulo yake ikutha amatseka tsamba msanga ngati wosadekha yemwe.

Choyamba: zithunzi

Pa masitolo ambiri zithunzi ndizo zimalemera kuposa china chilichonse. Foni ya masiku ano imajambula chithunzi cha madontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, cholemera 3 MB kapena kuposerapo. Wamalonda akaika zithunzi 20 zotere pa tsamba limodzi osazichepetsa, tsambalo lalemera 60 MB. Bandulo ya 1 GB ingathe wogula atangolitsegula maulendo 16 kapena 17.

Chithunzi cha thumba la feteleza choonedwa pa foni sichifuna kukula kotero. Chikachepetsedwa kufika pa madontho 800 m'litali n'kufinyidwa, chimatha kutsika kufika pa 80 KB, ndipo diso silitaya kanthu kofunika. Zithunzi 20 zija tsopano ndi 1.6 MB. Pa tsamba losonyeza mndandanda wa katundu, tizithunzi ting'onoting'ono ta madontho 300 n'tokwanira, ndipo chachikulu chizioneka wogula akadina katunduyo. Mtundu wa fayilo ulinso ndi gawo lake. WebP, imene Google inatulutsa mu 2010, imapepuka ndi 25 mpaka 34 peresenti poyerekeza ndi JPEG ya maonekedwe ofanana.

Njira ina ndi youza foni kuti isatsitse zithunzi za m'munsi mwa tsamba kufikira wogula atatsala pang'ono kufikako. Pulogalamu ya WordPress, imene masitolo ambiri ang'onoang'ono amamangirapo, inayamba kuchita zimenezi payokha mu 2020. Munthu amene wapeza chimene amafuna pamwamba pa tsamba salipiranso zithunzi zimene sanazione.

Chachiwiri: zokongoletsa ndi timapulogalamu

Womanga tsamba amakopeka ndi zinthu zambiri zaulere: zithunzi zoyenda zokha pamwamba pa tsamba, kanema woyamba yekha, kabokosi kochezera, mapu, ndi zina zochokera ku Facebook. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chilichonse mwa zimenezi chimabwera ndi timapulogalamu ta JavaScript, ndipo vuto lake ndi lapawiri. Poyamba timafunika kutsitsidwa, kawirikawiri kuchokera ku seva ina imene foni iyenera kupatsana nayo moni mwatsopano. Kenaka foni iyenera kutiwerenga ndi kutigwiritsa ntchito. Mafoni otsika mtengo a itel ndi Tecno, amene ndi ofala m'misika yathu, amachita ntchito imeneyi mochedwa kuposa kompyuta ya womanga tsamba. N'chifukwa chake nthawi zina tsamba limaoneka kuti latseguka koma batani silimvera ukalidina.

Muyezo wake ndi wosavuta. Pa chinthu chilichonse cha pa tsamba tizifunsa kuti: kodi chimathandiza wogula kupeza katundu, kudziwa mtengo kapena kulipira? Ngati yankho ndi ayi, chichotsedwe. M'malo mwa kabokosi kochezera, batani wamba lotsegula WhatsApp limagwira ntchito yomweyo popanda kulemera.

Chachitatu: kufinya, kusunga ndi kuyandikitsa

Mafayilo a mawu, monga amene amafotokoza maonekedwe a tsamba, amatha kufinyidwa ndi seva asanatumizidwe pogwiritsa ntchito njira za gzip kapena Brotli. Kufinyaku kumachotsa kuposa theka la kulemera kwawo, ndipo kawirikawiri kumangofuna kuti womanga tsamba ayatse chosankha chimodzi.

Seva ingathenso kuuza foni kuti isunge mafayilo amene sasinthasintha, monga chizindikiro cha sitolo ndi zithunzi za katundu. Akatswiri amati cache. Wogula akabweranso mawa, foni imangotenga zimene inasunga n'kupempha zatsopano zokha. Apa pafunika kusamala ndi mitengo. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu inasintha m'masiku ochepa. Zithunzi zisungidwe nthawi yaitali, koma mitengo izitengedwa mwatsopano, kuopa mkangano pakati pa wogula ndi wogulitsa.

Mtunda nawo ungachepetsedwe. Kuchokera ku Mzimba kufika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,700 molunjika, gawo laling'ono la mtunda wa ku America. Microsoft inatsegula malo osungira maseva ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024. Makampani ena monga Cloudflare, imene yakhala ku Johannesburg kuyambira 2014, amasunga makope a tsamba m'mizinda yambiri kuti aliyense alandire kuchokera pafupi. Kwa sitolo ya ku Mzimba, seva ya ku South Africa imayandikira ogula onse awiri, wa ku Joni ndi wa ku Embangweni. Choncho wamalonda asanalipire malo osungira tsamba afunse kumene sevayo ili.

Chachinayi: njira yolipirira

Wogula akasankha katundu, tsamba lililonse lowonjezera limene ayenera kudutsa ndi mpata wina woti netiweki iduke. Fomu yolipirira ifunse zofunika zokha: dzina, nambala ya foni, ndi kumene katundu akalandirire. Midzi yathu ilibe manambala a nyumba, kotero m'malo mwa mizere isanu ya adiresi ndi bwino kupereka mndandanda waufupi wa malo odziwika monga Jenda, Embangweni, Edingeni ndi pa boma. Wogula asakakamizidwe kutsegula akaunti asanagule.

Apa tingaphunzire kwa Airtel Money, imene inayamba mu 2012, ndi TNM Mpamba ya mu 2013. Njira zimenezi zinafika mpaka kumidzi chifukwa munthu amangoimba *211# kapena *444#, n'kuona mawu ochepa ndi manambala, popanda chithunzi ndiponso popanda bandulo, ngakhale pa kafoni ka mabatani.

Gawo la chiyankhulo

Monga wophunzira za ziyankhulo, ndaona kuti nkhaniyi imakhudzanso ife. Mawu ndi opepuka kwambiri. Nkhani yonse imene mukuwerengayi siyikwana 20 KB, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi cha 3 MB chimalemera kuposa nkhani 150 zotere. Komabe amalonda ambiri amalemba mayina a katundu ndi mitengo m'kati mwa chithunzi ngati chikwangwani. Chithunzicho chikalephera kutseguka, wogula saona kanthu. Dzina ndi mtengo zikalembedwa ngati mawu wamba, zimafika poyamba, ndipo munthu amatha kusankha chithunzi chisanabwere.

Popeza mawu salemera, palibe chifukwa cholembera sitolo m'Chingerezi chokha. Anthu a kummwera kwa Mzimba amayankhula Chitumbuka, ambiri amamvanso Chichewa. Kulemba tsamba m'ziyankhulo zitatu kumangowonjezera ma KB ochepa. Wogula amene wamva msanga tanthauzo la batani sasochera n'kutsegula masamba osafunika, ndipo mwa njira imeneyi mawu omveka amapulumutsa nthawi ngati chithunzi chopepuka.

Palinso nkhani ya chilembo cha ŵ. Olemba Chichewa ambiri anasiya kuchigwiritsa ntchito, koma m'Chitumbuka n'chofunika m'mawu monga ŵanthu ndi ŵana. Masamba ambiri amatsitsa zilembo zokongola kuchokera ku Google Fonts. Kumeneko zilembo zinagawidwa m'mafayilo angapo, ndipo ŵ sali m'fayilo yoyamba ya zilembo wamba, ali m'fayilo ina ya zilembo zowonjezera. Motero mawu amodzi a Chitumbuka amachititsa foni kukatenga fayilo yachiwiri. Mankhwala ake si kuchotsa ŵ. Ndi kugwiritsa ntchito zilembo zimene zili kale m'foni, pakuti mafoni a Android amabwera nacho chilembochi ndipo safuna kutsitsa kanthu.

Kuyeza

Ntchito yonseyi iyenera kuyezedwa isanayambe ndiponso ikatha. Chida chaulere cha PageSpeed Insights chimalandira dzina la tsamba n'kusonyeza zimene zikulichedwetsa. Malinga ndi miyezo imene Google inakhazikitsa mu 2020, chinthu chachikulu pa tsamba chizioneka m'masekondi 2.5. Komabe chida chimenechi chimayerekeza netiweki ndi foni zimene mwina sizifanana ndi zathu. Muyezo wodalirika kwa wamalonda wa ku Mzimba ndi kutenga foni yotsika mtengo, kupita nayo pa Jenda tsiku la msika kapena kumudzi kumene ogula ake amakhala, kutsegula tsamba, n'kuwerenga masekondi ndi data imene yatha. Amene akulemba ntchito womanga tsamba angachite bwino kugwirizana naye malire a kulemera, mwachitsanzo 500 KB pa tsamba loyamba, ndi kulipira ntchitoyo pokhapokha muyezo utakwana.

Mawu omaliza

M'nkhani ino ndasonyeza kuti liwiro la sitolo ya pa intaneti limadalira mtunda, netiweki ndi kulemera kwa tsamba. Netiweki ndi ntchito ya makampani ndi boma, ndipo kusintha kwake kumatenga zaka. Zina zonse zili m'manja mwa wamalonda ndi womanga tsamba: kuchepetsa zithunzi, kuchotsa zokongoletsa, kufinya ndi kusunga mafayilo, kusankha seva yapafupi, kufupikitsa fomu yolipirira, ndi kulemba mawu omveka m'chiyankhulo cha wogula. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama. Wamalonda amene alibe nthawi yochita zonse ayambe ndi zithunzi, chifukwa pamenepo ndi pamene pali katundu wambiri. Kwa ife ophunzira ziyankhulo, ntchito ilipo yomasulira mabatani ndi mafomu m'Chitumbuka ndi m'Chichewa chachifupi ndi chomveka, kuti mayi wa ku Embangweni athe kuona malata amene mwana wawo akuwagulira, adziwe mtengo wake, n'kuvomereza bandulo yawo isanathe.